ODILO WOYERA WA KU CLUNY, AMENE ANAIKA TSIKU LOPEMPHERERA AKUFA ONSE

Caka ndi caka, pa 2 Novembro, dzuwa litakula ndipo anthu ali kumaliza kusosa m'minda poyembekeza mvula, akristu a ku Lifidzi, ku Ulongwe, ku Domwe, ku Fonte Boa ndi a m'midzi yambiri ya Angónia amasonkhana kupempherera akufa. Kumene anyakwawa alola, amapita ku manda, amalambula, naika mitanda yatsopano pamene ciswe cadya yakale. Tsiku lomwelo akristu a ku Tete, a ku Dedza ndi a ku Roma amacita cimodzimodzi. Kupempherera akufa ndi mwambo wakalekale, unalipo Ambuye Yezu asanabadwe. Koma tsiku ili la 2 Novembro linaikidwa ndi munthu mmodzi wa ku France, dzina lace Odilo. Inu amene muli kukonzekera Ubatizo muyenera kumdziwa, pakuti caka cina inunso mudzakhala m'gulu la amene ali kupemphereredwa pa tsikulo.

Odilo anabadwa pafupi ndi caka ca 962 m'dera la mapiri lochedwa Auvergne. Banja lace, la Mercœur, linali lomveka, la minda yambiri ndi anchito ambiri. Amai ace, a Gerberga, amuna ao atamwalira analowa usisitere ku Autun. Ali wamng'ono Odilo anagwidwa ndi nthenda imene inapuwalitsa miyendo yace, kotero kuti sankatha kuima. Jotsald, amene anakhala naye zaka zambiri nalemba mbiri yace, akusimba kuti tsiku lina banja lili pa ulendo, mlezi anasiya mwanayo pamodzi ndi akatundu pakhomo pa chalichi ca Amai Maria, napita kukafuna cakudya. Mwanayo anakwawa nalowa m'kati, nafika pa guwa, nagwira nsalu ya paguwa kuti adzuke. Miyendo inalimba, ndipo mlezi pobwera anampeza ali kuyenda yekha. Atakula sanaiwale: anabwerera m'chalichi ca Amai Maria, namanga cingwe m'khosi mwace monga kapolo, nadzipereka kwa iwo kufikira imfa.

Anaphunzira pa chalichi ca Julian Woyera ku Brioude, ndipo pafupi ndi caka ca 991 analowa m'nyumba ya amonke ya ku Cluny. Amonke ndi amuna amene asiya ukwati ndi cuma kuti akhale pamodzi, kupemphera usana ndi usiku ndi kugwira nchito, motsata malamulo a Benedict Woyera. Nyumba ya ku Cluny inayamba m'caka ca 910. Mkulu wa nyumbayo, Maieul, anali atakalamba. Anaona nzeru za mnyamatayo namsankha kukhala womthandiza. Maieul anamwalira ku Souvigny mu 994, ndipo Odilo, ali ndi zaka monga 32, anakhala mkulu wacisanu wa Cluny. Anakhala pa udindowo zaka 54.

Anali munthu woonda, wosatalika, wofatsa polankhula. Kwa iye mwini anali wouma, ankasala cakudya ndi kubvala zokanda thupi m'kati mwa mkanjo. Koma kwa anzace olakwa anali wofewa, kotero kuti ena ankadandaula kuti aononga mwambo. Iye ankawayankha kuti ngati ayenera kuweruzidwa, afuna aweruzidwe cifukwa ca kucurukitsa cifundo, osati cifukwa ca nkhanza. Mafumu akulu ndi Apapa ankafuna uphungu wace. Iye asanayambe, nyumba zomvera Cluny zinali 37. Pa imfa yace zinali 65. Papa John XIX anafuna kumuika kukhala Arkiepiskopi wa ku Lyon, namtumizira ndi mphete yomwe, koma Odilo anakana, ndipo sanasunthe ngakhale Papa anamdzudzula. Masiku amenewo eni malinga ankamenyana kosalekeza, ndipo obvutika anali alimi. Mu 1041 Odilo anagwirizana ndi Maepiskopi ena kufalitsa lamulo lakuti munthu asagwire cida kuyambira Lacitatu madzulo kufikira Lolemba m'mawa, polemekeza masiku a masautso ndi kuuka kwa Ambuye. Nkhondo sizinathe, koma mlimi anapezako masiku olima.

Njala yaikulu

Kuyambira 1031 kufikira 1033 mvula inagwa kopitirira muyeso m'dziko la France, minda inamira, ndipo zaka zitatu anthu sanakolole. Mmonke wina wa nthawi yomweyo, Rodulfus Glaber, analemba kuti anthu anadya mizu ndi udzu wa m'mitsinje, ena anasakaniza dothi loyera ndi gaga, ndipo ena anafika pakudya anthu anzao. Akufa anacuruka kotero kuti ankaikidwa mazanamazana m'dzenje limodzi, opanda nsalu, opanda wochula maina ao. Amene anaona njala m'dziko lathu lino adziwa kuti njala ikakula, maliro amacepa ulemu: adzukulu alibe mphamvu yokumba, ndipo pa siwa sipakhala anthu.

Odilo anatsegula nkhokwe za Cluny. Zitatha, anaphwanya zikho zagolide ndi zokometsera za m'chalichi nazigulitsa. Anagulitsanso cisoti cacifumu cimene mfumu yaikulu Henry II inapereka ku nyumbayo. Kenaka anayenda yekha m'mizinda kupempha olemera kuti atulutse tirigu wao. Amonke ena anaona ngati aononga cuma ca Mulungu. Koma iye anadziwa kuti cikho angathe kusula cina, pamene mwana wakufa ndi njala sangabwezedwe.

Jotsald akusimba kanthu kena kamene kaonetsa bwino mtima wa munthuyu. Pa ulendo wina nthawi ya njala, Odilo anapeza ana awiri atafa m'mbali mwa mseu, ali maliseche, opanda wowayang'ana. Anthu ankangolambalala. Iye anatsika pa kavalo, nabvula cobvala cace caubweya, nakulunga mitemboyo, nafuna anthu oti akumbe manda, nawalipira. Sanapitirize ulendo kufikira anawo ataikidwa. Maina ao sanawadziwe, ndipo ife sitiwadziwa.

Tsiku la akufa onse

Ku Cluny kunali kale mwambo wabwino. Mmonke akamwalira, dzina lace linkalembedwa m'buku, ndipo masiku 30 abale ace ankampempherera ndi kupereka nsembe ya Misa. Pa masiku 30 omwewo gawo lace la cakudya ndi cakumwa silinkabwerera ku nkhokwe, koma linkapatsidwa kwa mmphawi. Caka ciri conse, pa tsiku la imfa yace, dzina lace linkawerengedwa ndipo mmphawi wina ankadyanso m'malo mwace. Mafumu ndi anthu olemera ankapereka minda kuti maina ao alowe m'bukulo.

Nanga amene alibe munda wopereka? Nanga amene anafera m'njira monga ana awiri aja, kapena amene mtundu wao unatha? Odilo analamula kuti m'nyumba zonse zomvera Cluny, tsiku lotsatana ndi cikondwerero ca Oyera Onse likhale la akristu onse akufa, kuyambira pa ciyambi kufikira pa mapeto a dziko. Mabuku akale amati lamuloli linaperekedwa mu 998. Akatswiri ambiri a mbiri masiku ano amaliika pafupi ndi caka ca 1030. Linanena kuti pa 1 Novembro amphawi onse ofika pakhomo alandire buledi ndi vinyo. Madzulo mabelu onse alire ndipo amonke aimbe mapemphero a akufa. M'mawa mwace ansembe onse apereke Misa, ndipo amphawi 12 adyetsedwe. Taonani kuti Odilo sanalekanitse pemphero ndi mbale ya cakudya.

Pali nthano imene olemba mbiri yace, Jotsald ndi Peter Damian, anaisunga. Akuti mlendo wina pocokera ku Yerusalemu anakankhidwa ndi mkuntho nafika pa cisumbu ca miyala kufupi ndi Sicilia, kumene mapiri amalabvula moto. Kumeneko anapeza munthu wa Mulungu wokhala yekha, amene anamuuza kuti amamva mizimu yoipa ili kudandaula kuti mapemphero ndi zacifundo za amonke a ku Cluny ziri kuilanda anthu ambiri. Ndipo anamtuma kuti akauze Odilo acite koposa. Nthano imeneyi siiri m'gulu la zimene mkristu ayenera kukhulupirira. Eklezia saphunzitsa kuti Purigatorio ali m'phiri lakuti. Koma yatithandiza kudziwa kuti anthu a nthawi imeneyo ankadalira mapemphero a Odilo.

Cimene Eklezia aphunzitsa ndi ici. Amene afa ali pa cibwenzi ndi Mulungu, koma asanayeretsedwe kwathunthu, ali ndi cipulumutso cosakayikitsa. Komabe ayenera kuyeretsedwa asanalowe m'cimwemwe ca kumwamba. Kuyeretsedwa kumeneku ndiko timakucha Purigatorio. Ife amoyo tingathe kuwathandiza ndi mapemphero, ndi nchito zacifundo, makamaka ndi nsembe ya Misa. M'buku laciwiri la Amakabeo, mutu 12, timawerenga kuti Yuda Makabeo anapeza zithumwa za mafano m'zobvala za asilikali ace amene anafa pa nkhondo. Sanawataye. Anasonkhetsa ndalama natumiza ku Yerusalemu kuti nsembe iperekedwe cifukwa ca macimo ao, ndipo wolemba bukulo akumyamika cifukwa anacita zimenezi poganizira za kuuka kwa akufa.

Makolo athu sanafunike mlendo kuti awaphunzitse kukumbukira akufa. Ankameta, ankafulula mowa, ankapatsa ana maina a agogo ao, ndipo ankadziwa kuti munthu akafa sanathe. Pa zimenezi anaona zoona. Koma kawirikawiri cowakankha cinali mantha: mwana akadwala, ankati mzimu wakwiya, tiupepese. Mkristu sapita ku manda kukapepesa mzimu kuti umleke. Amapita kukapempha Mulungu kuti acitire cifundo mbale wace, pakuti wakufayo ndi wamoyoyo onse awiri ali m'manja mwa Atate mmodzi. Ndipo sapempherera a mtundu wace okha.

Kucokera ku Cluny mwambowo unalowa m'madayosezi pang'onopang'ono, ndipo m'zaka za m'ma 1300 unafika ku Roma. Mu 1748 Papa Benedict XIV analola ansembe a ku Spain, a ku Portugal ndi a m'maiko olamulidwa ndi mafumu ao kupereka Misa zitatu pa tsikuli. Mu 1915, nkhondo yaikulu yoyamba ili kupulula anyamata, Papa Benedict XV anapereka cilolezo comweco kwa ansembe a dziko lonse lapansi: Misa imodzi ya munthu amene wansembe afuna, ina ya akufa onse, ina ya zolinga za Papa.

Kuno kwathu tsikuli liri ndi kulemera kwace. Pa nkhondo imene inatha mu 1992 anthu ambiri a ku Angónia anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ena anafera m'njira, ena anaikidwa ku Malawi, ndipo pali mabanja amene mpaka lero sadziwa manda a mwana wao. Usiku wa 30 Outubro 1985, patatsala masiku atatu kuti tsiku la akufa lifike, ansembe awiri a Cijezuiti, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa Angónia, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, anatengedwa ku Chapotera naphedwa. Maina a awiriwa adziwika. A ena ambiri sadziwika, ndipo tsiku la Odilo linaikidwira otere.

Mau amene tiwerenga pa maliro

Amonke a Odilo popempherera akufa usiku ankawerenga buku la Yobe, munthu amene anataya ana ndi cuma, nalira pamaso pa Mulungu osabisa kanthu. Zaka mazana ambiri mau a pa maliro anali osasintha. Akuluakulu amene anabatizidwa kale akumbukira kuti Misa inali m'Cilatini, ndipo pa maliro ali onse ankawerenga kalata yoyamba ya Paulo kwa Atesalonika, mutu 4, ndi nkhani ya Marita mlongo wa Lazaro m'Mthenga Wabwino wa Yohane, mutu 11. Utatha Msonkhano waciwiri wa ku Vatican, mu 1969 Eklezia anatulutsa mwambo watsopano wa maliro, naika mau ambiri oti asankhidwepo, owerengedwa m'cinenero ca anthu. Cifukwa ansembe ndi ocepa ndipo midzi ndi yotalikirana, kawirikawiri wosankha ndi mphunzitsi kapena mkulu wa mpingo wa m'mudzi. Imeneyi ndi nchito yofunika kuiganizira, osati kungotsegula buku pamene latsegukira.

Coyamba, mau acokere m'Malembo Oyera. Ndakatulo, kalata ya wacibale kapena mbiri ya womwalira ziri ndi nthawi yace, koma sizilowa m'malo mwa Mau a Mulungu. Wosankha ayang'ane wakufayo ndi otsala. Pa maliro a nkhalamba imene yasiya zidzukulu, Yesaya mutu 25, wonena za phwando limene Mulungu adzakonzera mitundu yonse pa phiri, kapena Mateyo mutu 25, wonena za amene anadyetsa anjala ndi kulandira alendo, amveka bwino. Pa maliro a mnyamata kapena mtsikana, anthu amafunsa mumtima cifukwa cace, ndipo manong'onong'o a ufiti amayamba mtembo usanatuluke m'nyumba. Pamenepo pafunika buku la Luntha mutu 4, limene liphunzitsa kuti moyo suyesedwa ndi kucuruka kwa zaka, pamodzi ndi Luka mutu 7, pamene Yezu anakumana ndi maliro a mwana mmodzi yekha wa mai wamasiye ku Naini, ndipo asanacite ciri conse anamva cisoni ndi maiyo. Pa maliro a khanda lobatizidwa pali Marko mutu 10, pamene Yezu analandira ana. Pa maliro a munthu amene mudzi wonse udziwa zolakwa zace, musawerenge mau omkometsera, pakuti anthu adzaseka mumtima. Musawerengenso mau omweruza, pakuti woweruza si inu. Werengani Luka mutu 23, za wacifwamba amene anatembenuka ali pa mtanda, kapena Amakabeo aja, ndipo imbani Salmo 130, limene m'mabuku akale liri 129. Pa nyengo ya Pasaka mau oyamba acokere m'Nchito za Atumwi kapena m'Cibvumbulutso.

Cenjerani ndi buku limene mwatenga. Buku Lopatulika, limene liri m'nyumba zambiri, liribe Luntha ndi Amakabeo. Mabuku amenewa muwapeza m'Malembo Oyera a mu 1966, ndi m'Buku Loyera limene liri ndi mabuku onse a Cikatolika. Wowerenga ayambe wawerenga yekha usiku wa kucezera, kuti pa manda asadodome. Ndipo wolalikira afotokoze mau amene awerengedwa, alunjike pa imfa ndi kuuka kwa Kristu. Kuwerenga ng'ombe za womwalira, kapena kugwiritsa nchito maliro pokalipira amene salipira mtulo wa mpingo, si ulaliki.

Inu akatekumeni mudzafunsa kuti, ndikafa ndisanabatizidwe adzandiika bwanji? Lamulo la Eklezia la mu 1983, pa nambala 1183, linena kuti pa za maliro akatekumeni awerengedwe pamodzi ndi akristu. Mudalembedwa, muli kufuna Ubatizo, ndinu a m'banja la Kristu. Mpingo udzabwera, Mau a Mulungu adzawerengedwa pa manda anu, ndipo mtanda udzaikidwa. Uzani acibale anu zimenezi mukali moyo, kuti tsikulo pasadzakhale kukangana. Cimodzimodzi mwana amene makolo ace ankafuna kumbatiza koma wafa asanabatizidwe angathe kuikidwa mwa cikristu, Ambuye Episkopi atalola.

Imfa yace

Odilo atakalamba anagwidwa ndi nthenda ya m'mimba imene inamsautsa zaka zisanu. Anapita ku Roma ndi mtima wofuna kufera pafupi ndi manda a Petro ndi Paulo, nadwala kumeneko mu 1047, koma anacira nabwerera ku Cluny. Ca kumapeto kwa caka ca 1048, ali ndi zaka zoposa 85, ananyamukanso kukayendera nyumba zace. Anafika ku Souvigny, kumene kunali manda a Maieul amene anamlandira ali mnyamata, nayamba kulalikira anthu za kubwera kwa Ambuye pa nyengo ya Adventi. Mphamvu zinamthera pomwepo. Pa Krisimasi anapempha kuti amnyamule kupita naye m'chalichi, naimba masalmo pamodzi ndi abale ace ndi mau ofooka. Atalandira Kudzoza kwa odwala ndi Ukaristia, anamgoneka pansi pa ciguduli cowazidwa phulusa, monga mwa mwambo wa amonke, ndipo anamwalira usiku wolowa pa 1 Janeiro 1049. Eklezia amamkumbukira pa tsiku lomwelo.

Anaikidwa ku Souvigny, ndipo pambuyo pace mafupa ace anasungidwa pamodzi ndi a Maieul. Anthu ankabwera kucokera kutali kudzapemphera pa manda a awiriwa. Pa nthawi ya cipolowe cacikulu ca ku France, mu 1793, mandawo anaphwanyidwa. Nyumba ya ku Cluny inatsekedwa, chalichi cace cacikulu cinagulitsidwa, ndipo anthu anagumula miyala yace kukamangira nyumba zao. Mu 2001 ndi 2002 ofukula zakale anakumba pansi pa chalichi ca ku Souvigny, napeza malo a mandawo ndi zidutswa za miyala yosemedwa yoonetsa akulu awiriwo atagona, ndipo anazilumikizanso naziika pamalo pace.